Momwe mungasankhire dikoda yojambula mapulogalamu ya makolo anu ku Chikwawa ndi ku Nsanje

Makolo ambiri kuno ku chigwa cha Shire amaphonya nkhani za madzulo, mapemphero kapena mpira wa pa kanema chifukwa nthawi imeneyo amakhala ali ku dimba kapena ku maliro. Dikoda yojambula imasunga pulogalamuyo mu fulashi kuti adzaonere akapeza mpata. Yodula kwambiri siyofunika. Chofunika n'chakuti igwirizane ndi nyumba yawo, ndipo muione ikujambula ndi maso anu musanapereke ndalama.

Choyamba, dziwani kuti zithunzi zimafika bwanji pakhomopo. Funsani oyandikana nawo nyumba: akugwiritsa ntchito eriyo ya pa mtengo kapena dishi? Chigwa chino n'chotsika ndipo chazunguliridwa ndi mapiri, choncho zomwe zikugwira ku Nchalo mwina sizingagwire ku Bangula kapena kutsidya ku Muona. Ngati eriyo imagwira, pa katoni payenera kulembedwa DVB-T2, yomwe ndi njira imene dziko la Malawi limagwiritsa ntchito. Ya DVB-T yopanda 2 isiyeni, ngakhale akutsitsireni mtengo. Ngati ndi dishi, funani DVB-S2. Zilipo zina zolembedwa Combo zomwe zimalandira zonse ziwiri, mtengo wake umakwererako pang'ono.

Apa pali msampha. Mawayilesi ena a kanema amaulutsidwa otsekedwa, ndipo amatseguka ndi dikoda ya kampani yake yokha, monga Kiliye Kiliye, GOtv kapena DStv. Dikoda yapamsika imaonetsa okhawo aulere. Tsono lembani mawayilesi amene amayi kapena abambo amakonda, kaya ndi MBC TV, Zodiak, Times kapena Luntha, ndipo wogulitsa akutsegulireni mmodzimmodzi. Komanso si dikoda iliyonse yokhala ndi polowetsa USB imene imajambula. Pa zina malowo ndi a amisiri okha. DStv Explora imajambula bwino, koma mtengo wake ndi ndalama za mwezi ndi mwezi sizamunthu wofuna chotchipa. Pa katoni muone mawu akuti PVR kapena USB Recording, ndipo pa rimoti pakhale batani la REC.

Chachiwiri, yang'anani kumbuyo kwa TV yawo, muijambulenso pa foni. TV yakale ya chimsana imafuna nthambo zitatu zija, yachikasu, yoyera ndi yofiira. Yatsopano imalandira HDMI. Gulani dikoda yokhala ndi zonse ziwiri kuti TV ikadzasinthidwa musadzagulenso ina.

Kenako magetsi. Dikoda singajambule magetsi atathima, ndiye pa nyumba ya sola sankhani yokhala ndi adaputala yakunja ya 12V. Imeneyi imadya moto wochepa kwambiri, ndipo itha kumajambula pa batire TV ili yozimitsa. Werengani zolembedwa pa adaputala: zina ndi za 5V, ndipo mukazipatsa 12V zimapsa pompo. Pa nyumba ya magetsi a ESCOM onjezani TV guard, chifukwa moto umene umabwera mwamphamvu magetsi akangoyaka ndi umene umawononga zipangizozi. Kunja kwa dikodayo kukhale kwa chitsulo, kokhala ndi timabowo ta mpweya. Timadikoda tija ta pulasitiki tating'ono tobisala kuseri kwa TV timazima tokha m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kuno kumaposa madigiri 40.

Tsopano fulashi, pamene anthu ambiri amagwera ngakhale atagula dikoda yabwino. Pa misika, kaya ku Limbe kaya m'matauni athu konkuno, mwadzaza mafulashi achinyengo. Kunja alembapo 64GB kapena 128GB, kompyuta nayo imaonetsa chimodzimodzi, koma mkati mwake muli malo a 8GB kapena ochepera apo. Imajambula bwinobwino masiku oyamba. Malo enieniwo akadzaza, siyikana ayi, imapitiriza kuonetsa kuti ikujambula, koma mukatsegula mumapeza chithunzi chakuda kapena mawu akuti fayilo yawonongeka. Nthawi zina imafufuta ndi zakale zomwe. Makolo amangoganiza kuti adina molakwika, n'kusiya kugwiritsa ntchito chipangizo chonse. Fulashi ya 128GB imene ikugulitsidwa pa mtengo wa 16GB ndi yabodza, palibe kukayika.

Iyeseni tsiku lomwelo mwagula. Pa kompyuta ya Windows, pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza fulashi yonse kenako n'kuwerenga zomwe yalemba, ndipo imanena kukula kwake kwenikweni. Ngati mulibe pulogalamuyi, pitani kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni, adzaze fulashiyo ndi mavidiyo mpaka pakamwa, aichotse, aibwezeretse, kenako mutsegule vidiyo yoyamba, yapakati ndi yomaliza. Zonse zikasewera, ili bwino.

Kukula kokha sikokwanira, liwiro nalo n'lofunika. Fulashi yolemba pang'onopang'ono imatulutsa zithunzi zodukaduka ndi mawu otsalira m'mbuyo. Madikoda ambiri ali ndi poyesera liwiro pa gawo la PVR Configure kapena Storage. Ya 32GB yeniyeni ndi yokwanira: ola limodzi la chithunzi wamba limatenga pakati pa 1GB ndi 2GB, ndiye mumalowa maola oposa 15. Chithunzi cha HD chimadya malo ochulukirapo. Fomatani fulashiyo pa dikoda pomwepo, osati pa kompyuta. Ikakufunsani mtundu wa kafomatidwe, sankhani NTFS ngati ilipo, chifukwa FAT32 siyilola fayilo imodzi kupitirira 4GB, ndipo pulogalamu yaitali imadulidwa zidutswa zomwe zimasokoneza munthu wamkulu. Ena amafuna hard disk yakunja. Ndi yaikulu inde, koma madikoda otchipa ambiri sapereka moto wokwanira kuizunguza, imangolira kuti tchi tchi osatseguka. Zimitsaninso Timeshift, yomwe imalola kuimitsa kaye pulogalamu ikuulutsidwa, poti imalemba mu fulashi nthawi zonse n'kuitha msanga.

Musanachoke mu shopu, lowetsani fulashi yanu, dinani REC, dikirani mphindi zisanu, muimitse, muonere. Mukujambula choncho, yesani kusintha wayilesi. Madikoda otchipa ali ndi tuner (kachipangizo kolandira mawayilesi) imodzi, kotero ambiri amakana kapena amangolola mawayilesi ochepa. Makolo auzidwe zimenezi kuti asadabwe. Wogulitsa amene akukana kuyesa, akunena kuti katoni ndi yomata, musiyeni. Tengani lisiti yolembedwa nambala ya dikodayo ndi masiku amene mungaibweze, chifukwa ulendo wokwera Thabwa kubwerera ku Blantyre utha kudya ndalama yofanana ndi dikodayo.

Mukafika kunyumba, ikani nthawi pa GMT+2. Ikalakwika, zonse zotchera zimajambulidwa pa ola lolakwika. Tcherani mapulogalamu awo pa Timer, musankhe Daily kapena Weekly, muyambitse mphindi zisanu nthawi isanakwane ndi kuonjezera mphindi 15 kumapeto, poti mawayilesi sasunga nthawi ndendende. Zulani pulagi n'kubwezeretsa kuti muone ngati zotcherazo zikadalipo. Usiku azizimitsa ndi rimoti, osati pa khoma.

Rimoti ikhale ya mabatani akuluakulu. Pakani penti ya zikhadabo pa atatu okha: lojambulira, loimitsira ndi lotsegulira zojambulidwa. Apatseni adine okha mpaka azolowere, ndipo lembani ndondomekoyo pa pepala m'Chisena kapena m'Chimang'anja, mumate pa khoma.

Dikoda isakhale pamwamba pa TV, ndipo amayi muwapemphe mwaulemu kuti asaiphimbe ndi kansalu koluka kaja. Ikhale pa shelefu yokwera, makamaka m'midzi imene madzi osefukira amafika. Kukamachita mphenzi azizula pulagi ndi nthambo ya eriyo. Mukapita kukawaona, pukutani fumbi pa timabowo ndi kufufuta mapulogalamu amene aonera kale kuti fulashi isadzaze.