Momwe mungalimbitsire miyendo poyenda pamchenga, pamiyala ndi m'zitunda

Munthu amene amayenda pamsewu wa phula kapena pasimenti tsiku ndi tsiku amaponda mofanana kuchokera pakhomo mpaka kukafika kumene akupita. Phazi lili ndi mafupa 26 ndi mfundo 33, koma pamalo osalala mfundozi zimangoyenda mofanana, ndipo katundu yense amagwera pachidendene, pabondo ndi pamsana, malo omwewo nthawi zonse. Mukangolowa kanjira kam'munda kapena ka m'phiri, phazi limapendekera uku ndi uku, timinofu ta kuphazi ndi ta mu akakolo timayamba kugwira ntchito, chiuno nacho chimakugwirizizani kuti musagwe. Kumeneko ndiye kulimba komwe kumateteza anthu achikulire kuti asamagweigwe. Mtima nawo umapindula, chifukwa pamchenga wouma thupi limawotcha mphamvu zoposa kawiri zomwe limawotcha pamsewu wolimba, ngakhale mtunda ndi womwewo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita zinthu zomutulutsa thukuta kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Mphindi 30 masiku asanu zakwana. Nkhani apa ndi yakuti mphindizo muzipondera malo osiyanasiyana, koma muziwonjezera malo amodzi pa nthawi.

Yambani ndi nsapato

Mukufunika nsapato yazingwe, yokhala ndi mano kunsi, yosiya mpata wa chala chachikulu cha kudzanja pakati pa zala zakuphazi ndi kumapeto kwa nsapato. Kayeseni madzulo, chifukwa mapazi amakhala atatupa pang'ono, ndipo muvale sokosi yomwe muzidzayendera. Zapakaunjika zilipo zabwino, zolimba kuposa zatsopano zotchipa za m'mashopu ena, koma khalani maso. Ogulitsa ena amamata soli yoyasamula ndi guluu, n'kupaka polishi kuti mzere usaoneke. Ipindeni nsapatoyo pamene pamapindikira zala, muone ngati m'mbali mukutseguka. Kenako iikeni pansi poyalana muiyang'ane chakumbuyo. Ikapendekera mbali imodzi, ndiye kuti mwini wake woyamba anaidya chidendene, ndipo inunso idzakupotozani phazi. Imeneyo isiyeni ngakhale atakutsitsirani mtengo. Nsapato zokhuthala kwambiri kunsi, zomwe achinyamata akuzikonda masiku anozi, n'zofewa pamsewu koma pamiyala zimakukwezani m'mwamba, phazi likapendekeka limapita lonse. Za mapatapata tisanene n'komwe.

Sabata ziwiri zoyamba: kapinga ndi njira zafumbi

Bwalo lampira la pasukulu kapena njira yafumbi yopita kudimba n'zokwanira. Yendani mphindi 20 mpaka 30, pa liwiro loti mutha kulankhula koma simungathe kuimba. Mukabwerera, imani ndi mwendo umodzi masekondi 30 mutayandikira khoma, kenako winawo. Mukaona kuti mwendo wina ukugwedera kuposa unzake, makamaka umene munabinyako kale, umenewo ndiwo ungakugwetseni kutsogoloku, choncho muziupatsa maulendo awiri.

Mchenga

Amene ali ku Senga Bay, ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay ali ndi mwayi, koma mchenga wa mumtsinje wouma m'chilimwe umagwiranso ntchito yomweyo. Yambani ndi wonyowa, wolimba. Wouma muulowe mphindi zisanu zokha, mubwerere pa wolimba, kenako muziwonjezera pang'onopang'ono. Pamchenga wouma chidendene chimamira kuposa zala, motero katumba ndi mtsempha waukulu wa kumbuyo kwa chidendene zimakokeka kwambiri. Amene amayamba ndi ola lathunthu amadzuka m'mawa mwake akulephera kuponda. Gombe limakhalanso lopendekera kumadzi, mwendo umodzi umayenda chakumtunda, wina chakumunsi. Mtunda umene mwapita mubwererenso momwemo kuti miyendo igawane ntchito. Mchenga wa mu Okutobala masana umawotcha mpaka kutulutsa matuza, ndiye pitani dzuwa lisanakwere.

Miyala ndi mizere

Pansangalabwi ndi panjira za mizu, fupikitsani mapazi ndipo maso aziona masitepe awiri kapena atatu kutsogolo, osati pamapazi penipeni. Foni ikhale m'thumba. Kudutsa mizere chopingasa m'munda wokololedwa, mwini wake atalola, kumakweza mawondo ndi kulimbitsa ntchafu bwino kwambiri. Mwala waukulu musauponde m'mphepete. Pondani pakati, ndipo ukagwedezeka musaudalire.

Kutsika chitunda, pamene ambiri amavulalira

Anthu amaopa chikweza chifukwa chimathetsa mpweya, koma kukwera sikuvulaza kawirikawiri. Vuto lili pobwerera. Munthu wakwera Michiru, Soche, Nkhoma kapena Bunda, wafika pamwamba, wajambulitsa, miyendo yatopa, ndipo maganizo ali kale kunyumba. Potsika, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya buleki: imakokeka kwinaku ikuletsa thupi kuti lisathamange. Ikatopa, mwendo umayamba kuwongoka, munthu amaponda ndi chidendene patali, thupi litatsamira kumbuyo. Apo pali zinthu ziwiri zomwe zimachitika. Chidendene chikaponda timiyala tokunkhulika kapena masamba ouma a paini, ngati amene amadzaza njira za pa phiri la Zomba, phazi limathawira kutsogolo ndipo mumagwa chagada. Chikaponda m'mbali mwa mwala, phazi limapindikira mkati, mitsempha ya kunja kwa kakolo n'kukokeka kapena kung'ambika. Kubinya kochuluka kumachitika motere.

Njira yake ndi yosiyana ndi zomwe mantha amakuuzani. Musatsamire kumbuyo. Pindani mawondo pang'ono, chifuwa chikhale pamwamba pa mapazi, masitepe akhale theka la amasiku onse, ndipo phazi lonse lizifika pansi nthawi imodzi. Pamalo otsetsereka kwambiri musalunjike kumunsi. Yendani mokhotakhota, kapena tembenukani mutsike cham'mbali. Musanayambe kutsika, mangitsaninso zingwe kuti phazi lisamaterereke kukagunda kutsogolo kwa nsapato, chifukwa n'zimene zimadetsa zikhadabo mpaka kuzuka. Ndodo imathandiza, ndipo sipafunika yogula. Ya nsungwi kapena ya bulugamu yofika pachigongono ndi yokwana, muzitsogoza iyo kenako phazi. Dothi lofiira la katondo likanyowa limaterera ngati therere, choncho nthawi ya mvula pondani pa udzu wa m'mbali, osati pakati pa njira pomwe pasalala.

Lamulo losavuta ndi ili: tembenukani mukadali ndi mphamvu. Mawondo akayamba kunjenjemera muli pamwamba, mwapitirira kale. Khalani pansi mphindi khumi, imwani madzi, idyani kanthu, ndipo mutsike mopumira.

Mukabinya, musalole munthu kukukokani phazi kuti ati aliwongole, ndipo musalithowe ndi madzi otentha tsiku loyamba, zimenezo zimangowonjezera kutupa. Ikani ayisi wokulunga m'kansalu, kapena nsalu yonyika m'madzi ozizira, kwa mphindi 15 mpaka 20, kangapo patsiku. Mangani bandeji mosafinya ndipo mwendo muukweze pamtsamiro. Ngati simungathe kuponda masitepe anayi, kapena fupa lenilenilo likupweteka mukalidina, pitani kuchipatala akajambule. Kuwawa kwa ntchafu komwe kumabwera patapita tsiku limodzi kapena awiri mutatsika phiri n'kwachibadwa, kumatha kokha m'masiku ochepa. Kuwawa kobaya mkati mwa bondo, kapena bondo lotupa, n'kwina, kumeneko siyani zitunda kaye.

Nanga osavala nsapato?

Mphindi zisanu kapena khumi pakapinga wa pakhomo amene mukumudziwa zimadzutsa mapazi. Kwina kulikonse samalani. Njoka zam'mimba zina zimalowera pakhungu la kuphazi m'dothi lonyowa lomwe anthu amadzithandizirapo, matekenya amakonda fumbi la pafupi ndi makola, ndipo madzi odekha a m'bango kunyanja kapena kudambo ndiwo amakhala ndi nkhono zofalitsa likodzo. Amene ali ndi matenda a shuga asayende chopanda nsapato ngakhale pang'ono, chifukwa mapazi amatha kuchita dzanzi, munga n'kulowa osamva, chilonda n'kukula. Aziyang'ana mapazi madzulo aliwonse, mpaka pakati pa zala. A BP, a mtima ndi amayi oyembekezera afunse kaye kuchipatala asanayambe zitunda.

Zotsalazo n'zachidule. Pa sabata, masiku awiri akhale a njira yafumbi kapena kapinga, limodzi la mchenga, limodzi la miyala, limodzi la chitunda, ndipo tsiku lotsatira chitunda likhale lopuma. Nthawi muziwonjezera mphindi zisanu pa sabata, osaposa. Tengani botolo lamadzi, valani thalauza lalitali m'tchire chifukwa cha chitedze ndi nkhupakupa, ndipo m'mapiri a m'mbali mwa tawuni pitani m'gulu, kukuwala. Ku Mulanje tengani wolondolera njira pa Likhubula, chifukwa chifunga chimatseka njira mwadzidzidzi.