Kuwerenga pepala la magazi a mphaka manambala a chiwindi akakwera

Musathamangire nambala yomwe labu yailemba mofiira. Yambani mwaona malire olembedwa pambali pake, ndipo mutsimikize kuti ndi a mphaka, osati a galu kapena a munthu. Makina amasiyana, koma ALT, enzaimu yopezeka m'maselo a chiwindi, ya mphaka wabwinobwino siposa 100 kapena 130 U/L.

ALT imatayikira m'magazi maselo a chiwindi akavulala. Imangonena kuti pali chilonda, sitchula chomwe chavulaza. Ikakwera kawiri kuposa malire mphaka akudya bwino, a vetenale amayezanso pakatha sabata ziwiri kapena zinayi. Ikakwera kakhumi, ganizani za poizoni kapena kumenyedwa. AST, enzaimu ina ya chiwindi, imachokeranso m'minofu, choncho mphaka wolumidwa ndi galu akhoza kuikweza chiwindi chili bwino. Apa muone CK, yomwe imakwera minofu ikavulala.

Pomwe ambiri amaphonya ndi pa ALP, enzaimu yomwe imakwera ndulu ikamavutika kuyenda, chifukwa anazolowera agalu. Mwa galu, theka la ALP limatha m'magazi pakapita masiku atatu, pomwe mwa mphaka ndi maola 6 okha. Ndiye mukaipeza yakwera, ngakhale pang'ono, dziwani kuti chiwindi chikuitulutsa lero lomwe. Kamphaka kamene kakukula kokha ndi komwe tingakakhululukire, poti mafupa nawo amatulutsa ALP. Iwerengeni limodzi ndi GGT, enzaimu ya m'njira za ndulu. ALP ikakwera kwambiri GGT ili phee, makamaka kwa mphaka wonenepa yemwe wakana chakudya masiku angapo, nthawi zambiri mafuta adzaza chiwindi. Mankhwala ake aakulu ndi chakudya, ngakhale chodzera pa chubu. Zonse ziwiri zikakwera, kaikirani njira za ndulu. Mphaka wokalamba, wa zaka 8 kupita m'tsogolo, yemwe akudya ngati dzombe koma akuonda, amuyeze T4, homoni ya chithokomiro, chifukwa chithokomiro chimakwezanso ALT ndi ALP.

Pa bilirubin, yomwe imabweretsa chikasu ikachuluka m'magazi, maso anu athandize pepala. Tulukani naye panja pa dzuwa, mutembenuze khutu, muone nkhama ndi poyera pa diso. Chikasu chikaoneka musagone naye pakhomo, thamangirani naye kwa a vetenale. Albumin, shuga ndi urea, zomwe chiwindi chimapanga, zikatsikira pamodzi, chiwindi chayamba kulephera ntchito, ndipo izi n'zoopsa kuposa ALT yaikulu.

Kuno ku Chigwa cha Shire kuli msampha wina, kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala ku Nchalo, Ngabu kapena Bangula kumapitirira madigiri 40. Magazi akakhala m'chikwama pa minibasi yokwera Thabwa kupita ku Blantyre, maselo ofiira amaphulika, madzi ake n'kufiirira, AST n'kukwera yabodza. Pemphani kuti awazunguze pa makina n'kupatula madzi apamwamba asananyamuke. Ayende m'bokosi lozizira, ayezi atakulungidwa pansalu kuti asakhudze botolo. Mphaka asadye maola 8 mpaka 12 asanamutenge magazi, koma madzi musamumane. Amene wasiya kale kudya musamusalitsenso.

Popita ndi pepala kwa a vetenale, nyamulani paketi ya chilichonse chomwe mphaka wamwa kapena wanyambita, ngakhale dibi wa ng'ombe ndi mankhwala opopera thonje. Ngati wina pakhomo anamupatsa Panado pomumvera chisoni, ululani msanga. Chiwindi cha mphaka sichitha kugaya paracetamol yemwe ali mu Panado, ndipo piritsi limodzi la 500 mg limapha. Nkhama zimada ngati khofi, nkhope n'kutupa, ndipo mankhwala othetsa poizoniyu amagwira bwino m'maola oyambirira.