Mmene mungachezere usiku ku Porto osagona msanga

Tsiku langa loyamba ku Porto, mzinda wa ku Portugal, ndinatuluka 9 koloko usiku, nditasamba ndi kuvala bwino, kulunjika ku Rua da Galeria de Paris kumene ndinauzidwa kuti kuli mabala. Ndinapeza anyamata akukonza mipando, wina akupukuta matambula. Ndinakhala ola lathunthu ndekhandekha, kenako ndinabwerera kogona nditakhumudwa. M'mawa mwake mayi amene ndinkachita lendi kwawo anandiseka mpaka misozi, nandiuza kuti pa nthawi imene ndinachokayo anthu anali asanamalize kudya. Ndiye musanaphunzire dzina la bala lililonse, phunzirani nthawi ya mzindawu.

Yambani masana ndi khofi, ndipo mudziwe momuitanitsira. Khofi wakuda wa m'kapu kakang'ono ku Porto amamutcha cimbalino, dzina lochokera ku makina a La Cimbali. Mukati bica, adziwa kuti mwaphunzira chilankhulo ku Lisbon, ndipo anthu a mizinda iwiriyi amakonda kunyogodolana. Kungoti um café kukukwanirani. Mukafuna wothira mkaka pang'ono nenani pingo, wa theka mkaka meia de leite, ndipo wa mkaka wambiri m'tambula yaitali ndi galão. Eni mzinda amamwera pa kauntala ataimirira, mphindi ziwiri basi n'kumapita, ndipo mtengo wake supitirira kwenikweni yuro imodzi.

Café Majestic ya pa Rua de Santa Catarina, yomwe inatsegulidwa mu 1921, ndi yokongoladi, magalasi akuluakulu m'makoma ndi mipando yachikopa. Koma pakhomo pamakhala mzere wa alendo ndipo khofi mmodzi mumalipira ndalama ya makapu angapo a kwina. Pitani kamodzi mukaone ndi maso. Ine ndimakonda Café Guarany ya pa Avenida dos Aliados, ya mu 1933, kumene munthu umakhala osamva kuti wina akudikira mpando wako.

Dzuwa likapendeka, wolokani mtsinje wa Douro pa mlatho wa Dom Luís I, womwe unatsegulidwa mu 1886. Yendani pamwamba, mbali mwa njanji ya Metro, sitima yoyenda mumzinda. Tsidya linalo ndi Vila Nova de Gaia, kumene kuli nkhokwe za vinyo wa Porto: Taylor's, Graham's, Sandeman, Cálem ndi ena. Amatseka chakumadzulo, choncho musachedwe. Apa ndipo ndikuchenjezeni. Vinyoyu amamuthira mowa waukali asanamalize kuwira, motero shuga wa mphesa amatsala, koma mphamvu yake imafika pafupifupi 20 peresenti. Amatsekemera ngati chakumwa cha ana, ndipo amabwera m'tambula yaing'ono pa chifukwa. Ine tsiku lina ndinalawa anayi motsatizana m'mimba mulibe kanthu, ndipo mlatho uja pobwerera ndinauona kutalika. Lawani ruby, wofiira wonunkhira zipatso, ndi tawny, wokhalitsa m'migolo ya matabwa. Kukatentha funsani porto tónico, vinyo wa Porto woyera wosakaniza ndi tonic ndi ayezi. Mukatero khalani pa kapinga wa Jardim do Morro, pafupi ndi mlatho pomwepo, muone dzuwa likulowa kuseri kwa madenga a Ribeira, dera lakale la Porto la m'mbali mwa mtsinje.

Chakudya chamadzulo chimayamba cha m'ma 8 koloko kapena hafu pasiti 8. Musachidumphe. Mukangokhala pansi akubweretserani buledi, maolivi, mwina ndi tchizi, musanaitanitse. Si mphatso ayi. Amatcha couvert, mukadya mulipira, mukapanda kufuna nenani kuti achotse ndipo palibe amene angakuyang'aneni moipa. Ine ndinapsereza mbale yonse ndikuyamikira kuolowa manja kwawo, ndinadzaona pa bilu. Chodya chake ndi francesinha: buledi wokhala ndi nyama ya ng'ombe, hamu ndi soseji m'kati, wokutidwa ndi tchizi wosungunuka, atamira mu msuzi wa tomato ndi mowa, kawirikawiri ndi dzira pamwamba ndi tchipisi pambali. N'chakudya cholemera, anthu awiri akhoza kugawana. Ngati mukufuna chopepuka, bifana, buledi wa nyama ya nkhumba yophikidwa ndi tsabola, ndi yokwanira.

Mowa wa pampopi m'tambula yaing'ono pano ndi fino, osati imperial ngati ku Lisbon, ndipo nthawi zambiri ukhala Super Bock, wofulidwa ku Leça do Balio kunja kwa mzindawu. Malo abwino oyambira ndi Café Âncora d'Ouro pa Praça de Parada Leitão, pafupi ndi yunivesite. Dzinali palibe amalitchula. Aliyense amati Piolho, kutanthauza nsabwe, ndipo m'makoma mwake muli zikwangwani zimene magulu a ophunzira akhala akusiya akamaliza sukulu. Cha m'ma 11 koloko anthu amasefukira panja, fino kumanja, akungocheza ataimirira. Kwa ine apa ndi pamene pali usiku weniweni wa Porto, kuposa malo ovinira.

Pakati pa usiku ndiye tsikirani ku Galeria de Paris ndi msewu woyandikana nawo wa Cândido dos Reis, mphindi zochepa kuchokera pa nsanja ya Clérigos. Eni ake amangoti Galerias. Musakhazikike m'bala limodzi. Lowani, mverani nyimbo, zikapanda kukugwirani tulukani mulowe chitseko chotsatira. Malo ena ovinira amakupatsani kakhadi pakhomo komwe amalembapo zimene mwamwa, n'kulipira potuluka. Kasungeni ngati chiphaso, chifukwa kakatayika mulipira chindapusa chowawa. Lachisanu ndi Loweruka ndi masiku odzaza kwambiri, Lolemba musadzivutitse.

Za fado musaumirire pano. Nyimbo imeneyo kwawo ndi ku Lisbon ndi ku Coimbra, ndipo zambiri zimene mungamve ku Ribeira amakonzera alendo.

Valani nsapato zafulati, misewu ndi ya miyala komanso yotsetsereka, ndipo ikanyowa imaterera. Sungani ndalama ya pamanja pang'ono chifukwa timalo tina sitilandira khadi lakunja. Metro imasiya kuyenda cha m'ma 1 koloko usiku n'kuyambanso cha m'ma 6 m'mawa. Pakati pamenepo pali mabasi ausiku onyamukira pa Aliados, takisi, Uber kapena Bolt.

Ngati mungathe kusankha tsiku, fikani pa 23 Juni, usiku wa chikondwerero cha São João (Yohane Woyera). Mzinda wonse umatuluka, nsomba za sardine zikuwotchedwa pamakala m'misewu, zophulitsa zikuwala pamwamba pa Douro pakati pa usiku. Munthu wosamudziwa akakugogodani pamutu ndi kahamala kapulasitiki musakwiye. Gulani kanu pa ogulitsa a m'mbali mwa msewu mubwezere.