Galimoto yamphamvu ikaterereka pakona, chitani izi

Achimwene, mwafunsa zoyenera kuchita galimoto yanu yokankhidwa ndi matayala akumbuyo ikayamba kutaya mbuyo pamsewu wa Monkey Bay kapena pamakona a ku Chowe. Zimachitikadi, makamaka mvula yoyamba ikasakaniza fumbi ndi oyilo paphula, kapena madzi akakokolera mchenga pakona.

Choyamba, bwezani phazi pamoto pang'onopang'ono, osati kulichotsa mwadzidzidzi. Musaponde buleki mwamantha, chifukwa kulemera kumathamangira kutsogolo ndipo mbuyo imapepuka n'kupota.

Kenako maso akhale komwe mukufuna kupita, osati pamtengo wa mlambe kapena pa wakabaza amene mukumuopa. Manja amatsatira maso. Mbuyo ikathawira kumanja, khotetsani chiwongolero kumanja. Ikathawira kumanzere, kumanzerenso. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: matayala akangogwiranso phula, bwezani chiwongolero pakati msanga, mukachedwa galimoto idzakuponyerani mbali inayo mwamphamvu kuposa poyamba.

Ngati ndi kutsogolo komwe kukukana kukhota, chepetsani moto, mumasule chiwongolero pang'ono mpaka matayala agwire.

Pakafunika kuima ndithu ndipo galimoto ili ndi ABS (makina oletsa matayala kuuma n'kukwekwereka mukaponda buleki), pondani buleki mwamphamvu osasiya, ngakhale ikunjenjemera kuphazi.

Chonde, batani la traction control (makina othandiza matayala kugwira msewu kuti asamangozungulira pachabe) musalizimitse pamsewu womwe ana asukulu, mbuzi ndi amayi osenza nsomba akuyendamo. Mawa m'mawa yang'anani mpweya wa matayala asanatenthe, ndipo mizere ikatsika kufika 1.6 mm, asintheni.