Ngongole ya sukulu: musadikire tsiku lomaliza

Achinyamata a ku Dedza ndi Ntcheu amene mwasankhidwa kupita ku UNIMA, LUANAR, MUBAS, MZUNI, MUST kapena KUHeS, ngati makolo ndalama za fizi zikuwavuta, pemphani ngongole ku HESLGB, bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite. Lamulo lokhazikitsa bungweli linabwera mu 2015, ndipo masiku ano amapempha kudzera pa intaneti.

Chinthu choyamba, onani chiphaso chanu cha unzika. Dzina lolembedwa pamenepo lifanane ndi la pa satifiketi ya MSCE, chilembo ndi chilembo. Ngati pali kusiyana, pitani msanga ku ofesi ya NRB, yopereka ziphaso za unzika, pa boma mukakonzetse. Amene makolo anamwalira, kalata yotsimikizira imfa ikhale pafupi.

Inu a ku Mayani, Tsangano kapena Kasinje, netiweki mukuidziwa nokha mmene imachitira. Ndiye mukamva kuti atsegula nthawi yopempha ngongole, tsikani pa boma sabata yomweyo, osati tsiku lotseka pomwe aliyense akukanganirana. Lisiti la ku banki la ndalama yolipira popempha ngongoleyi lijambuleni pa foni, pepala limasowa.

Wina akakuuzani kuti "ndipatseni kangachepe ndikudutsitseni", ameneyo ndi wakuba. Ndipo musaiwale, iyi ndi ngongole, mudzabweza mukamaliza sukulu.