Momwe wophunzira unamwino ndi uzamba angadutsire chaka ndi chaka mpaka kulandira chiphaso

Wophunzira unamwino m'Malawi muno amayang'aniridwa ndi mbali ziwiri, koleji yomwe ikumuphunzitsa ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, lomwe linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo likugwira ntchito potsatira lamulo la 1995. Koleji imapereka digiri kapena dipuloma, koma chilolezo chogwira ntchito pa wodwala chimachokera ku khonsolo. Choncho musanalipire fizi kulikonse, tsimikizani kuti maphunziro a pamalopo ndi ovomerezedwa ndi khonsoloyi. Digiri ya zaka 4 imaphunzitsidwa ku Mzuzu University ndi ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inayamba mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine, pamene dipuloma ya zaka 3 ya Nursing and Midwifery Technician imapezeka m'makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo ya Chikhristu, monga Nkhoma, Ekwendeni, Holy Family ku Phalombe ndi Trinity ku Nsanje. Konseku amayang'ana makirediti a MSCE pa Chingelezi, masamu ndi maphunziro a sayansi.

Mukangolowa, onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa m'kaundula wa ophunzira ku khonsolo, zomwe amazitcha indexing. Fomu zimadzera ku koleji, koma udindo wofunsa ngati nambala yanu yatuluka ndi wanu, ndipo ngati dzina la pa satifiketi ya MSCE likusiyana ndi la pa chiphaso cha unzika, konzani nthawi yomweyo, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika chimatha kuchedwetsa munthu pa nthawi ya mayeso omaliza.

Za m'kalasi zilibe chinsinsi chachikulu. Malikisi a phunziro lililonse amachokera ku ntchito za mkati mwa semesita ndi ku mayeso a kumapeto, ndipo amene walephera pang'ono amalemba sapulimentale, pamene wolephera maphunziro ambiri amabwereza chaka kapena kuchotsedwa sukulu, kuwididwa monga amanenera ophunzira. Malire ake amasiyana koleji ndi koleji, kotero werengani buku la malamulo a pasukulu panu sabata yoyamba, osadikira kuti zotsatira zikudabwitseni. Chaka choyamba, anatomy ndi physiology, maphunziro a kapangidwe ndi kagwiridwe ntchito ka thupi, ndi zomwe zimagwetsa ambiri, ndipo masamu owerengera mlingo wa mankhwala sayenera kupeputsidwa, pakuti mwana amapatsidwa mankhwala molingana ndi kulemera kwa thupi lake.

Komwe anthu anzeru m'kalasi amatsakamira ndi kuwodi. Wophunzira amazungulira wodi ya amuna, ya amayi, ya ana, kusikelo, kumatenite, kuzipatala zazing'ono za kumidzi, ndi ku Zomba Mental Hospital kapena malo ena ophunzirira za matenda a ubongo, ndipo kulikonse ali ndi maola oti akwaniritse, ausiku omwe. Tsiku lomwe mwajomba, ngakhale pa chifukwa cha maliro kapena matenda, limayenera kubwezedwa. Mumapatsidwanso logbook, momwe ntchito iliyonse yomwe mwachita, kaya kubaya jakisoni, kuika diripi, kutsuka bala kapena kulemba partograph (pepala lolondolozerapo mayi amene ali pa matenda obereka), imasainidwa ndi namwino kapena mphunzitsi amene anakuonani mukuichita. Pemphani siginecha tsiku lomwelo. Sista amene munagwira naye ntchito Lachiwiri akhoza kupita kutchuthi kapena kusamutsidwa, ndipo wina sangasainire zomwe sanaone.

Pa uzamba pali chiwerengero cha amayi oti muwabereketse nokha moyang'aniridwa musanaloledwe kulemba mayeso a khonsolo. M'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Bwaila ku Lilongwe amayi ndi ambiri, komanso ophunzira ochokera m'makoleji osiyanasiyana ndi ambiri, moti wamanyazi amatha masabata akungoonerera anzake. Kwa ine, nzeru ndi kuvomera mashifiti ausiku ndi kusanyoza chipatala cha kumudzi, chifukwa kumeneko mzamba amakhala yekha ndipo amalandira wophunzira wakhama ndi manja awiri. Kudzisainira nokha kapena kulemba mayi amene simunamuthandize ndi chinyengo chomwe chingakuchotsetseni sukulu. Ndiponso luso lonamizira limaonekera poyera pa mayeso a OSCE, pomwe mumasonyeza ntchito ndi manja anu, woyesa ataima pambali ndi wotchi.

Khalidwe limayesedwa limodzi ndi luso. Chinsinsi cha wodwala, makamaka zotsatira za magazi, sichiuzidwa kwa mnzanu wa kuhositelo ngakhale kwa wachibale wodikirira wodwalayo popanda chilolezo cha mwini wake, ndipo kujambula wodwala n'kutumiza pa WhatsApp kapena Facebook ndi mlandu waukulu. Musapereke mankhwala popanda wokuyang'anirani, ngakhale wodi itachepa anthu ogwira ntchito, ndipo mukalakwitsa mlingo, uzani sista nthawi yomweyo kuti wodwala athandizidwe msanga. Yunifolomu yoyera, zikhadabo zazifupi ndi kufika nthawi yopatsana malipoti posinthana shifiti isanakwane zimalowanso m'malikisi a kuwodi.

Mukakhoza maphunziro onse, maola atakwana ndi logbook itadzaza, koleji imatumiza dzina lanu ku khonsolo kuti mulembe mayeso a chiphaso. Pokonzekera, bwererani ku mabuku a ndondomeko za Unduna wa Zaumoyo pa malungo, HIV, chifuwa chachikulu ndi uchembere wabwino, popeza ndi zomwe mudzagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Mukakhoza mumalembetsa m'kaundula wa anamwino ndi azamba, ndipo chiphasocho chimakonzedwanso chaka chilichonse mutalipira ndi kusonyeza mapointi a CPD, omwe mumapeza pa maphunziro owonjezera luso muli pa ntchito, choncho tsegulani faelo yosungiramo umboni wa maphunziro aliwonse omwe mudzachite mukayamba ntchito.