Momwe ana angajambulire ndi kandulo ndi utoto wamadzi

Chidutswa cha kandulo chotsala pa tsiku lomwe magetsi anazima musataye, mupatseni mwana ajambulire. Akalemba nacho papepala loyera sipaoneka kanthu, koma akangopakapo utoto wamadzi chithunzi chimatulukira choyera mbee. Phula la kandulo silimwa madzi, ndiye utoto umangogwira malo amene phulalo silinafike.

Pezani pepala lokhuthala, monga la manila lomwe aphunzitsi amalembapo matchati. La m'kope likanyowa limakwinyika, mwinanso kubooka. Mufunikanso burashi yofewa kapena thonje, kapu ya madzi, ndi nyuzipepala zakale zoyala pansi.

Utoto wa m'sitolo ukasowa, pitani kukhitchini. Tiyi wowirira kwambiri amapereka mtundu wa bulauni, chidede chowiritsa chimapereka wofiirira, ndipo timadontho ta utoto wa m'makeke timakwanira kapu yonse. Zowiritsazo zizizire kaye.

Choyamba, songolani kandulo ndi mpeni inuyo akuluakulu, kuti nsonga yake ikhale ngati ya pensulo. Musayatse kapena kusungunula. Phula lotentha limawotcha khungu.

Kenako mwana ajambule. Apa ndi pomwe ambiri zimawakanika. Chifukwa sakuona zomwe akulemba, mwana amangodutsitsa kandulo mopepuka, ndipo utoto ukabwera umakwirira zonse. Muuzeni akanikize ndithu, mzere uliwonse aubwereze kawiri. Akapendeketsa pepala chakuzenera aona phula likunyezimira, adziwa pomwe wadutsa kale. Ayambe ndi zinthu zazikulu ngati nsomba, dzuwa kapena dzina lake. Wamng'ono kwambiri amatopa msanga ndi zosaoneka, choncho iyeyo mumpatse makrayoni achikasu kapena ofiira, popeza nawonso ndi aphula.

Tsopano sungunulani utoto ukhale wamadzimadzi. Ukakhala phalaphala umakhazikika pamwamba pa phula n'kubisa chithunzi. Mwana apake mopepuka kuchokera m'mwamba kutsika m'munsi, kamodzi kapena kawiri basi, osakhula. Mitundu yakuda ngati buluu ndiyo imaonetsa bwino mizere yoyera. Timadontho totsalira paphula mutichotse pang'onopang'ono ndi kansalu kouma.

Yanikani pepalalo chogoneka pamthunzi; mukalipachika lisanaume utoto umayenderera.

Ana akulirapo angayese mitundu iwiri. Apake wachikasu pepala lonse, liume, ajambule ndi kandulo pamwamba pake, kenako apake wabuluu. Mizere yawo idzatuluka yachikasu. Umu ndi momwe amisiri a batik pachilumba cha Java ku Indonesia amachitira pansalu, kungoti iwo amagwiritsa ntchito phula losungunula. Luso lawoli bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linalizindikira mu 2009, ndipo zitenje za wax zomwe amayi amagula pamsika zinachokera ku luso lomweli, kudzera kwa amalonda a ku Netherlands.

Pakakhala ana angapo, aliyense alembe uthenga wachinsinsi ndi kandulo, asinthane mapepala, mnzake aupeze ndi utoto.